Chitseko cha Mayi Thackray

Ku Halifax mvula sipempha odi.
Imalowera padenga la fakitale yakale ya ubweya
n'kumadontha m'ndowa zitatu kuseri kwa nsanja,
ndipo Mayi Glenys Thackray ankati zisiyeni,
tsiku lina tidzafuna phokoso la m'phanga.

Ine ndinabwera kudzasesa.
Anandiyang'ana manja, nandipatsa misomali:
"Gwira apa, Mwatitha. Nyanja ikupendekeka."
Ndinagwira nyanja ndi dzanja limodzi,
matabwa asanu ndi nsalu ya pabedi yonyika mu utoto,
ndipo kuyambira Lachiwiri limenelo tsache ndinaliiwala.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi akumangira ana maiko
ndi sowo, guluu ndi makatoni a mafiriji.
Nkhalango yonse inkakwana m'galimoto imodzi.
Mwezi unali chivundikiro cha mgolo.
Chipale chofewa chinali mabilu a magetsi odula tizidutswa,
ankati ndi ntchito yabwino yokhayo imene mabiluwo anagwirapo.

Asanavomere kanthu, ankagwada.
Ankatsika pang'onopang'ono, mawondo akulira ngati mahinjesi,
mpaka maso afike pamsinkhu wa mwana wa zaka zisanu,
n'kukwawa mzere woyamba wonse.
"Kuno kumunsi phiri lako likuoneka phazi lokha.
Tsitsa mitambo. Mwana sanabwere kudzaonera nsapato."
Akuluakulu sankawawerengera.
Wamkulu umamupusitsa ndi nyali,
koma mwana amadzuka pampando kudzagogoda.

Wina anagogodadi, chaka cha namgumi.
Kamnyamata ka mamina kanakwera nsanja sewero lili m'kati,
kanakhudza nthiti ya chinsombacho n'kukuwa:
"Ndi katoni!"
Holo yonse zii.
Kenaka kanasuzumira m'kamwa muja
n'kupeza zomwe mayi anajambula m'mimba, kosaona munthu:
jombo ya msodzi, wotchi yoima,
kambewa kopalasa m'supuni ngati m'bwato.
Kanatuluka maso ali tong'o, osanenanso kanthu.
Lero ali ndi dazi, amayendetsa basi ya ku Hebden Bridge,
ndipo amawatsitsa pakhomo penipeni
pomwe palibe siteji.

Nyamakazi inayambira chala chachikulu.
Bulashi anayamba kuimangirira kudzanja ndi bandeji.
Makwerero anandisiyira ine, iwo ali pansi, akuloza ndi ndodo:
"Thambo limenelo ndi la akuluakulu, Mwatitha, silinagonepo masana."
Mpaka lero sindimvetsa,
koma ndimathiramo zoyera pang'ono.

Lachisanu lomaliza kunabwera lole yodzatenga zakale.
Nyumba yachifumu anaipinda pawiri.
Nkhandwe, zombo, mitengo yolankhula,
zonse m'lole, miyendo m'mwamba.
Mayi sanalire. Ankadya sangweji ya tchizi akuwerenga.
Anangokaniza chitseko chimodzi,
chija chalowa m'masewero onse osatchulidwa papulogalamu.
Anatenga mpeni, napala pakona:
pansi pa zobiriwira panali golide,
pansi pa golide mdima wa m'mgodi,
pansi pake pinki wa golosale ya maswiti,
kutsika, kutsika, ngati okumba chitsime,
mpaka thabwa lenileni, ndi pensulo yofufuma:
muyeso wa mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Ndinaphonya ndi inchi," anatero.
"Sichinatsekekepo bwino chibadwire."

Tsopano chili m'manja mwanga.
Sewero la Khirisimasi layandikira,
wotsogolera akufuna chipululu cha mapaundi mazana atatu,
ngamila yomwe.
M'mawa, ndisanayatse magetsi, ndowa zikulira,
ndimagwada pamzere woyamba, simenti ikuluma m'mawondo,
n'kuyang'ana kampata kaja ka inchi imodzi
komwe kuwala kumathawira
ngati kuseriko kuli wina
amene wangotsegula kumene chitini cha penti.